Zaka naini ali Mariya

Abale inu kkkk, ndamva izi lero pa siteji ya basi ku Beaumont Leys. Amayi ena amadandaula pafoni, atangodula foniyo, anti ena osawadziwa n'komwe anawayamba.

"Pepani asisi, ndamvako. Akulandani chani kutchalitchiko?"

"Malo anga! Sewero la Khirisimasi, zaka naini Mariya ndimakhala ine. Pano apatsa kamtsikana, ati ine ndikhale dayirekitala. A Henderson, akulu a mpingo, akuti ndakula. Lamulungu ndikakana, asadzandionenso."

"Mwamuona mayi ali pachithunzi cha filimu apayu? Wa ku America ameneyu."

"Wokongolayu?"

"Eya. Anayamba kusewera ali mwana. Atangokwana zaka fote anayamba kumupatsa zosewera ngati gogo. Sanalire ayi, anapita kuseri kwa kamera n'kumapanga mafilimu ake. Imvi zakezo sabisa! Omwe ankamukana aja pano amachita kumupempha malo."

"Kumupempha iyeyo?"

"Nanga amasankha osewera ndani? Si dayirekitala?"

"Onse? Olo wokhala bulu?"

"Olo bulu, asisi."

"Iii, mayi ameneyu Mulungu amudalitse! Ndikavomera. A Henderson aja msana ali nawo wabwino."