Colby Stamper Adzichitira Yekha Umboni

Colby Stamper, mnyamata wa chaka chomaliza pa koleji ina ya ku Kentucky, anali atafunsira ntchito ya upolisi ku boma lalikulu la ku Washington, ndipo ankadziwa kuti boma limeneli lisanalembe munthu limayamba latumiza wofufuza kukafunsa anzake ndi aneba za khalidwe lake. Choncho Lachiwiri lina m'mawa, mayi wina wamagalasi atagogoda pa nyumba imene Colby ankachita lendi ndi mnzake Emmett Caudill, Colby anasuzumira pazenera n'kudziwiratu kuti tsiku lake lakwana.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Ndine Mayi Renfro." Anaonetsa chiphaso. "Ndabwera kudzafunsa za mnyamata wa m'nyumba muno amene wafunsira ntchito ku boma. Dzina lake ndi..."

"Musatchule," anatero Colby, akuyang'ana uku ndi uku mumsewu. "Maina satchulira pakhomo."

"Ndikatchulire m'nyumba?"

"M'nyumba ndiye moopsa. Maina pamapeto."

"Chabwino, pamapeto. Mwiniwakeyo lero sindikumufuna. Ndikufuna amene amakhala naye."

Emmett anali atalawirira kudambo kukaona abakha, poti ndizo ankaphunzira. Colby anaganiza mwachangu. Thukuta lake lonse la pakoleji alisiye m'manja mwa munthu woonerera abakha? Ndani akanatha kumufotokoza bwino Colby kuposa Colby yemweyo? Anatsimikiza zodzisandutsa Emmett.

"Ndine amene," anatero. "Wokhala nayeyo ndine. Lowani."

Mayi Renfro anachotsa bokosi la pitsa pa sofa, anakhala, n'kutulutsa kabuku ndi cholembera. "Ndikuchenjezeni kaye. Kunamiza wofufuza wa boma ndi mlandu."

"Ndikudziwa. Funso limenelo ndinalikhoza pamayeso. Aa, iyeyo ndiye analikhoza. Anandiuza."

"Inunso mumaphunzira za upolisi?"

"Ine? Iyayi. Ine ndi wa abakha."

Mayi Renfro anadzutsa mutu. "Nonse awiri?"

"Nonse awiri chiyani?"

"Abakha."

"Ayi, mayi. Iyeyo abakha alibe nawo ntchito."

"Hm. Koma mbalame amazikonda?"

"Zokazinga."

"Zokazinga," anabwereza Mayi Renfro, akulemba. "Mwamudziwa kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Chibadwire."

"Ndinu pachibale?"

"Ayi, ndikungonena kuti zimakhala ngati chibadwire."

"Ndilembe chibadwire kapena ngati chibadwire?"

"Ngati."

"Chabwino. Ndi munthu wotani?"

Colby anakhala bwino pampando, n'kupingasa miyendo. Funso limeneli anali atalidikira nthawi yaitali.

"Mayi, munthu ameneyu sagona."

"Amadwala?"

"Sadwala. Ndi watcheru."

"Inu mwati sagona."

"Amagona, koma ndi diso limodzi."

"Liti?"

"Lamanzere."

"Dokotala analiona lamanjalo?"

"Si nkhani ya dokotala imeneyi. Ndi kudzikonzekeretsa. Amathamanga kusanache atabereka chikwama cha njerwa. Akalowa mu lesitilanti amakhala moyang'ana kukhomo. Mayi ake akaimba foni amawafunsa kaye tsiku limene anabadwa."

"Iwowo kapena iyeyo?"

"Onse awiri."

"Mowa amamwa?"

"Sanalawepo. Kuphwando amapita ndi botolo la mowa lothiramo madzi, amaima pakona, n'kumaloweza nkhope za amene akumwa."

"Amachita kumuitana kumaphwandoko?"

"Poyamba ankamuitana."

Cholembera chinayenda. Colby anatalikitsa khosi kuti aone zolembedwazo, koma Mayi Renfro anapendeketsa kabukuko osamuyang'ana n'komwe.

"Amalankhulana ndi anthu a mayiko akunja?"

"Tsiku ndi tsiku. M'Chirasha."

Cholembera chinaima. "Ndi ndani?"

"Ndi mayi wina wa pafoni."

"Dzina lake?"

"Alibe."

"Amakambirana zotani?"

"Mayiyo amafunsa kuti siteshoni ya sitima ili kuti, iye n'kumayankha. Amafunsa kuti bwalo la ndege lili kutali bwanji, iye n'kumayankha."

"Amamuuza zoona?"

"Akalakwitsa, mayiyo amamubwerezetsa."

"Bwalo la ndege liti?"

"Aa, mayi, si munthu weniweni ameneyu. Ndi pulogalamu yophunzitsa chilankhulo."

"Inu mwati ndi mayi."

"Mawu ake ndi achizimayi."

"Ndilemba kuti mayi wa Chirasha wopanda dzina amene si munthu weniweni."

"Mukalemba choncho zimveka moipa."

"Pali mawu amene ndawonjezera?"

Colby anaganiza. "Palibe."

"Tipitirize. Anaphwanyapo lamulo?"

"Iyeyo? Lamulo amachita kulilondera. Mphunzitsi wake wa za milandu anamulondola sabata yathunthu, kuchoka kukoleji mpaka kwa dokotala wa mano, mwiniwake osadziwa."

"Sanamuone?"

"Anamuona, koma ankayesa ndi munthu wina. Anali atavala chipewa."

"Mphunzitsiyo ndiye anapereka ntchito imeneyi?"

"Ntchito yeniyeni sachita kupatsidwa, mayi. Nanga mabini a zinyalala a Mayi Begley a nyumba yoyandikanayi, alipo anamutuma? Koma lero akudziwa mankhwala amene amamwa. Akudziwa kuti amadya ayisikilimu mobisa pamene adokotala anawaletsa shuga. Akudziwa kuti bambo amene amabwera Lachisanu aja si okonza mapaipi."

"Mayi Begley anavomera kuti azifukula mabini awo?"

"Akanavomera, kukanakhala kufufuza kumeneko?"

"Za bambo a Lachisanuwo anazipezanso mu bini?"

"Ayi, zimenezo ndi za pakamera. Ili mumtengo umo, yaloza pakhomo pawo."

"Kamera yojambulira mbalame?"

"Eya. Anabwereka kwa ine. Paja wa mbalame ndine."

"Munamubwereka mukudziwa ntchito yake?"

"Sindikudziwa n'komwe kuti anaitenga."

Mayi Renfro anamuyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi. Kenako anatembenuza tsamba.

"Nanga inuyo, bambo? Ndiyenera kudziwa ngati mboni ndi yodalirika."

Apa Colby anaona mwayi. Akamutsitsa Emmett, Colby aoneka wamtali.

"Ine ndi munthu wachabechabe, mayi. Dzuwa likangolowa, tulo. Kukacha, kudambo. Ndimakhala m'bango tsiku lonse, phee, udzudzu ukundidya, n'kumayang'ana bakha akusamba. Mabuku a kulaibulale ndimabweza tsiku lisanakwane. Lamlungu lililonse ndimakatchetcha kapinga kwa agogo anga. Moyo wanji umenewo?"

"Pitirizani."

"Chaka chatha ndinapeza alenje awiri akuwombera abakha nyengo yake isanakwane. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinawapatsa khofi wa mufulasiki yanga. Tinacheza, tinacheza, mpaka iwo okha anakapereka mfuti zawo kwa woyang'anira nkhalango. Osathamangitsana, osagwetsana pansi. Manyazi okhaokha. Akanakhala iyeyo, akanawagwetsa onse awiri."

"Ndiye kuti za alenjezo munachita ndinu?"

"Ndine."

"Osati iyeyo?"

"Iyeyo alibe nthawi yophikira anthu khofi."

"Pofunsira ntchito ananena kuti amene anachita zimenezo ndi iyeyo."

"Sindinanene... sananene zimenezo."

"Ananena."

"Ananena za kuthamanga ndi njerwa. Ananena za Chirasha."

"Za Chirasha sanatchule n'kamodzi komwe. N'chifukwa chake zandidetsa nkhawa." Mayi Renfro anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa jekete. "Funso lomaliza. Inuyo mungavomereze kuti boma limupatse mfuti munthu ameneyu?"

"Ziwiri."

"Ndilemba ziwiri. Koma ndisakubisireni, bambo, sizikuoneka bwino."

"Sizikuoneka bwino bwanji?"

"Munthu wosagona. Wofukula mabini a nkhalamba. Wobisa mayi wa Chirasha. Wodzitama ndi ntchito ya mnzake. Wokonda mbalame zokazinga."

"Mbalamezo zalakwanso chiyani?"

"Pa ntchito imeneyi ndiye nkhani yaikulu."

Maphunziro onse aja, njerwa zonse zija, maphwando onse aja a madzi, zonse zinali kumira m'kabuku kamodzi. Colby anaimirira.

"Mayi, taikani kaye pansi cholemberacho."

Mayi Renfro anawerama n'kuchiika pa kapeti.

"Ndakunamizani," anatero Colby. "Ine sindine wokhala naye. Ndine mwiniwake. Wofunsira ntchitoyo ndine. Tsopano ndifunseni bwinobwino, ndikufotokozereni chimodzichimodzi."

"Tafika pamapeto?"

"Pamapeto pa chiyani?"

"Munati maina pamapeto."

"Tafika. Tchulani."

"Ndinu Emmett Caudill?"

Kukhitchini firiji inayamba kulira.

"Ndani?"

"Emmett Caudill. Wafunsira ntchito ya upolisi woteteza nyama zakutchire."

"Emmett? Emmett wa abakha?"

"Inu mwati wa abakha ndinu."

"Ine ndine Colby Stamper."

"Mumakhala ndi Emmett Caudill m'nyumba muno?"

"Inde."

"Ndiye kuti ndinu wokhala naye. Simunaname."

"Ndanama."

"Ayi."

"Ndanama, mayi, ndipo inu munakhulupirira. Chilowereni muno ndakhala ndili munthu wina, inu osazindikira. Limenelo ndi luso. Anthu amakaphunzira miyezi kuti afike pamenepo. Lembani."

"Ndinapempha wokhala naye. Inu munati wokhala nayeyo ndinu. Wokhala nayeyo ndinudi. Bodza lili pati?"

"Mumtima. Mumtima mwanga ndimanama."

"Za mumtima sitilemba."

"Nanga pamene ndinati ndine wa abakha?"

"Limenelo ndiye bodza. Mukufuna ndililembe? Paja ndinakuuzani kuti ndi mlandu."

Colby anakhala pansi pang'onopang'ono. "Limenelo lisiyeni."

"Ndiye tikonze, chifukwa mmene zililimu mnzanuyu ntchito sapeza." Mayi Renfro anatola cholembera pa kapeti. "Wosagona ndani?"

Colby anayang'ana nsapato za Emmett zamatope zimene zinali pakhomo, zitandandalikidwa bwino pa nyuzipepala kuti zisadetse kapeti.

"Ndine."

"Wa mayi wa Chirasha?"

"Ndine."

"Wolondola mphunzitsi?"

"Ndine. Koma chipewa chinali chake."

"Mabini a Mayi Begley?"

"Amenewo tingawagawane?"

"Anafukula nawo?"

"Ayi."

"Ndiye ndi anu. Kamera?"

"Kamera ndi yake. Mtengo ndinakwera ndine."

"Alenje ndi khofi?"

"Emmett."

"Kapinga wa agogo?"

"Emmett."

"Mbalame zokazinga?"

"Ine. Emmett ngakhale dzira amalipepesa kaye asanaliswe."

Mayi Renfro anafufuta apa, n'kulemba apo, kenako anagwedeza mutu mokhutira. "Mnzanuyu mwamuchitira umboni wabwino kwambiri. Anthu ambiri akamayamikira mnzawo amawonjezera. Inu mumamunyoza, ndiye ndikudziwa kuti zonse n'zoona."

"Ndiye kuti amutenga?"

"Sindine wosankha. Koma ine ndikanamutenga."

"Ampatsa mfuti?"

"Imodzi."

"Ndi baji?"

"Ndi baji yomwe."

Colby anagwira kumutu. "Sanandiuze. Timadya limodzi, timachapira makina amodzi, munthu n'kufunsira ntchito ku boma ine osadziwa."

"Ndimayesa mumadziwa zonse zochitika mumsewu uno."

"Bini yathu sindifufuza."

Mayi Renfro anatseka kabuku, anabwezera bokosi la pitsa pamene analipeza, n'kulunjika kukhomo. Colby anawatsatira mpaka pakhonde, manja ali m'thumba.

"Mayi, nanga pempho langa?"

"Silinafike kwa ine."

"Mwina lili kwa anzanu?"

"Mwina. Mwinanso ayi. Ambiri safika n'komwe pofufuzidwa."

"Ndakhala ndikudikira chaka chonse kuti wina agogode pakhomo pano n'kufunsa za ine." Mawu ake anali atatsika. "Ndiye mukundiuza kuti boma silikundifufuza?"

Mayi Renfro anayang'ana kamera imene inali mumtengo, anayang'ana khomo la Mayi Begley, kenako anatulutsa foni m'chikwama.

"Pamene ndimagogoda, ayi," anatero. "Koma musadandaule, Bambo Stamper. Liyamba masana ano."