Mbiri ya Che Waziri Yasini, Woyendera Njira Alendo Asanadutse

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1979 ku Namwera, m'boma la Mangochi. Anali oyamba m'banja la ana anayi, ndipo ine Khalidi, amene ndikulankhula m'malo mwa banja, ndine wowapondera pamutu. Bambo athu anatisiya mu 1990, choncho mayi athu, a Mwanaisha, anatilera okha ndi khasu.

Sukulu anayamba mu 1986, m'mawa ku pulayimale, masana ku madrasa. Masamu ankawavuta, tisabise, koma Chiarabu chinawalowa msanga moti ashehe ankawasiyira kalasi. Anamaliza Fomu 4 mu 1998, n'kuyamba kuyendetsa minibasi pakati pa Mangochi ndi Liwonde. Pa 6 Julaye 2003 anamanga ukwati wa nikaha ndi a Nuriya.

Mu 2011 anabwera kuno ku Doha ngati dalaivala wa banja lina ku Al Waab. Mu 2016 kampani yoyendetsa alendo inawalemba ntchito yoonetsa anthu malo akale, monga linga la Al Zubarah. Kuyambira 2021 ankawolotsanso alendo kupita ku Saudi Arabia, mpaka ku manda osemedwa m'miyala ku AlUla.

Anzawo a ntchito mukudziwa khalidwe lawo. Sankatengera mlendo njira imene iwo sanaipondepo. Ankapita okha kaye, kuwerenga masitepe, kuona pamene pali mthunzi ndi madzi, n'kulemba m'kabuku. Tinkawaseka kuti achimwene ngakhale popita kogula buledi amayamba ayendera njira. Iwo ankangoti mlendo akatopa wolakwa ndi womutsogolera.

Chimene chinkawadya mumtima n'chakuti anaonetsa maiko amenewa kwa anthu mazanamazana, koma mayi awo anali asanafikepo ku Makka. Analonjeza kuti adzawatsogolera okha kumeneko pa ulendo wopatulika wa Umra. Chaka chino mapasipoti ndi maviza zinatheka, ulendo n'kuikidwa pa 11 Sepitembala.

Mu Julaye madokotala anawapeza ndi matenda a impso, n'kuwauza kuti agonekedwe msanga. Malemu anapempha kuti adikire kaye. Mayi athu amavutika mawondo, ndiye iwo sanafune kuwatenga asanayendere okha njirayo ngati munthu wokalamba. Ine ndinawaletsa, mpaka tinayambana ku nyumba kwawo ku Rawdat Al Khail. Ndinawauza kuti ku Makka kuli njinga za olumala ndiponso anthu okankha. Anandiyankha kuti mayi awo sadzakankhidwa ndi munthu wosawadziwa dzina. Ndinachoka ndili wokwiya, ndipo zimenezi zikundiwawa mpaka lero.

Ananyamuka kupita ku Makka pa 24 Ogasiti, dzuwa lili pachimake. Anabwerera pa 30 miyendo itatupa, ndipo tsiku lotsatira anagonekedwa m'chipatala. Mayi athu anafika pa 7 Sepitembala, koyamba kukwera ndege, atanyamula zovala zoyera za ulendo. Kuchoka pa bwalo la ndege tinapita nawo molunjika kuchipatala. Malemu anawazindikira, anawagwira dzanja, n'kupepesa kuti sanakawachingamire. Anatisiya Lachiwiri pa 9 Sepitembala 2025, ali ndi zaka 46.

Monga mwa chipembedzo chathu, tawaika kuno lero. Abale ena anati mayi abwerere kumudzi akapume. Mayi akana. Akuti mwana wawo analemba masamba khumi ndi awiri a pokhala, pomwera madzi ndi popumira, ndiye iwo sangalole kuti thukuta limenelo lipite pachabe. Mawa anyamuka monga zinakonzedwera. Ndiwaperekeza ndine, amene ndinkaletsa uja, ndipo njinga ndikakankha ndekha.

Malemu asiya mayi awo, akazi awo a Nuriya, ana awiri Jamilu ndi Khadija amene akutimvera pa foni ku Namwera, komanso ife abale awo atatu. Tikuthokoza a Fahadi, mnzawo wa ntchito, amene anathamanga ndi mapepala onse, abambo amene anasambitsa thupi, amayi a ku Al Messila amene anapempha kwa mabwana awo kuti adzakhale ndi mayi athu, ndi inu nonse amene mwasiya mashifiti anu.

Achimwene, Allah akukhululukireni, akukulitsireni manda anu, ndipo muuse mumtendere. Mayi tikawafikitsa.