Mabuku a Aphunzitsi Makaiko Asalowe M'sutikesi

Malemu abambo Mateyo Makaiko, amene tikuwaperekeza lero, anabadwa pa 9 Juni 1957 konkuno ku Domasi. Ine ndine Jonasi, mng'ono wawo, ndipo banja landituma kuti ndinene mbiri yawo.

Sukulu anayamba mu 1965. Anali amanzere, ndipo masiku amenewo dzanja lamanzere linkalawa rula pafupipafupi. Anzawo anawaseka mpaka anasiya sukulu, n'kumakapirikitsa mbalame m'munda wa mpunga. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kujambula pansi ndi kamtengo. Atabwerera m'kalasi anakafika ku sekondale ku Malosa, kenako anachita maphunziro a uphunzitsi.

Mu 1981 anamanga banja ndi mayi Alesi. Chaka chomwecho anayamba ntchito, ndipo anadabwitsa anthu popempha okha Sitandade 1, kalasi imene aphunzitsi aamuna ankaithawa poopa mamina.

Mu 1990 mayi Alesi atagonekedwa m'chipatala, malemu anabereka khanda lawo, Anita, ndi chitenje kumbuyo, ulendo wa kumsika wa Songani. Abale anga, msika unaima! Amuna anati achimwene anadyetsedwa khuzumule. Iwo sizinawakhudze, koma mwana wawo woyamba, Brighton, anayamba kubisala m'chimanga m'malo mopita kusukulu, chifukwa anzake ankamunena kuti ali ndi amayi awiri. Malemu sanakwapule mwana wa munthu. Anadula mapepala a matumba a simenti, anawasoka ndi ulusi wa saka, n'kujambulamo bambo wobereka mwana akuwoloka mtsinje wodzaza, anthu kutsidya akumuombera m'manja. Bukulo analiwerenga pa asembule, ndipo Brighton anabwerera m'kalasi.

Kuyambira pamenepo, mwana akajomba chifukwa chosekedwa, malemu ankasoka buku. Linalipo la mtsikana wokonza njinga, la mnyamata wachibwibwi wotsogolera kwaya, la mwana wachialubino wonyadira chipewa chake. Sankajambula nkhope ya mwana weniweni, koma mwini nkhani ankadzizindikira, osekawo n'kugwetsa nkhope. Ankakonda kunena kuti mwana akathawa sukulu chifukwa cha anzake, tamutaya ndife tonse. Atapuma ntchito mu 2017, ankamanga mabukuwa pa kaliyala wa njinga yawo n'kumawasiya m'makomo momwe amva kuti muli mwana wotere.

Mu Januwale chaka chino anayamba kudandaula za mtima. Anagonekedwa m'chipatala ku Zomba, ndipo pa 14 Meyi anatisiya.

Mwambo wathu mukuudziwa: amene ali ndi chinthu cha malemu amabweza maliro asanaikidwe. Dzulo anthu anayamba kubweza. Amakaniko, manesi, amayi a ana kumbuyo, ena ochokera ku Liwonde, aliyense buku lake m'manja, lothimbirira ndi zala za ana. Ife tinkayesa alipo ochepa, koma mphasa yadzaza. Kunena zoona, ndagwidwa nthumanzi poona kukula kwa munthu amene ndinkadya naye mbale imodzi.

Tinali titapeza kale sutikesi yoti titsekeremo mabukuwa ngati chikumbutso. Koma mayi Alesi atiuza kuti tikulakwitsa. Ali m'chipatala, malemu anawatsina khutu kuti mabuku aja sanabwereketse, anapereka, ndipo mawa lomweli kuli mwana wina amene adzuke akuopa njira ya kusukulu. Choncho tikachoka kumanda, aliyense atenge buku limene anabweretsa. Musatibwezere. Mukamufune mwanayo, mukamuwerengere.

Malemu asiya mkazi, ana anayi ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza abusa, amayi a Mvano amene agona m'nyumba ya siwa, adzukulu amene akonza nyumba yomaliza, aphunzitsi anzawo, ndi inu nonse amene mwatigwira dzanja.

Achimwene, a Makaiko, mzimu wanu uuse mumtendere. Mabuku anu akubwerera komwe munawasiya.