Chitini cha Mabatani cha Atelala

Amene tikuwaperekeza lerowa ndi mayi athu omwe tonse tinkangowatchula kuti Atelala. Anabadwa mu 1969, achitatu m'banja la ana asanu, m'nyumba ija yoyang'anana ndi chigayo. Sukulu analekezera Fomu 2 matenda a maganizo atawayamba. Kuchipatala anawapatsa mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku, anapeza bwino, n'kuphunzira kusoka.

Anakwatiwa mu 1991 ndi bambo oyendetsa basi. Atangoima, madokotala a m'makomo anatuluka ngati ngumbi. Akuti mapiritsi apundula mwana, akuti mkaka udzawawa. Adokotala enieni anali atawasinthira kale mankhwala oyenera munthu wapakati, koma anamva ndani? Apongozi anakataya botolo lonse m'chimbudzi, ati mwachikondi. Khanda lili ndi masabata atatu, malemu anasiya kugona, mwana wawo yemwe osamuzindikira. Anakhala m'chipatala miyezi inayi, ndipo mwa alangizi onse aja palibe anabwera kudzachapa thewera ngakhale limodzi.

Pa mimba yachiwiri anachenjera. Mapiritsi ankasunga m'chitini cha mabatani pansi pa makina, poti pamenepo sankalola munthu kugwirapo. Kusikelo sanajombepo, anayamwitsa motsatira malangizo a adokotala, ndipo mwanayo ndi uyu wakhala kutsogoloyu, wabwinobwino, mphunzitsi wa masamu.

Kumpingo anali a kwaya, ndipo mayunifolomu onse ankasoka ndi iwo. Wina akawanena kuti kumwa mankhwala n'kuchepa chikhulupiriro, ankangomufunsa kuti, "Nanga inu magalasiwo simuvula bwanji?"

Atisiya Lachiwiri atadwala chibayo sabata imodzi. Chibayo, abale, osati zimene ena mukunong'onezanazo.

Tsono ife a banja tatopa nazo. Mwana wawo wamkaziyu ndi woyembekezera, ndipo naye amamwa mankhwala a matenda omwewo. Dzulo, maliro ali m'nyumba, wina anamukokera kuseri kukamuuza kuti asiye. Ha! Zaka makumi atatu zonsezi osatolapo kanthu? Malemu anakudziwani kale. Makina anasiyira mng'ono wawo, koma chitini cha mabatani anachipereka okha m'manja mwa mwanayu, mpweya ukadalipo.

Asiya amuna awo, ana awiri, alongo awo awiri, mng'ono wawo mmodzi, ndi mdzukulu amene tikumudikira mwezi wamawa. Ameneyo adzawapeze mayi ake akumuzindikira.

Asoka mokwanira. Apumule mu mtendere.