Ndowa Ziwiri Patebulo

Olemekezeka bambo Wapampando a bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, amene mwandikhazika pampando wofewa mpaka ndinatsala pang'ono kugona; olemekezeka mayi Mlembi ndi akuluakulu onse a komiti; olemekezeka abwana a kampani imene ikuthandiza chikhochi, amene ndauzidwa kuti ndikuthokozeni kawiri, choncho zikomo, ndiponso zikomo; olemekezeka eni matimu, obwera pa galimoto zozizira mkati ndi obwera pa njinga zobwereka; makochi, amene timu ikapambana mumati "mapulani anga," ikagonja mumati "anyamata samamva"; oyimbira mpira, ndikukupatsani ulemu wonse ngakhale ena a inu ndimakudziwani bwino; atolankhani; masapota amene mwadzaza kumbuyoko; amayi anga, amene akhala apo akundiyang'ana ndi diso lija; amayi ndi abambo nonse, ndakulonjerani.

Kwa amene simundidziwa, ine ndine goloboyi wa Ophika Buledi, katimu ka m'ligi ya pansi kamene kanatenga chikhochi chaka chatha. Atolankhani amanditchula Ulimbo, ati mpira ukandikhudza umamatirira. Koma kuntchito ndine Sefa. Dzinalo linabwera pa zifukwa ziwiri: ndimasefa ufa, ndipo kale ndikaima pagolo chilichonse chinkadutsa. Amayi anga mpaka lero amati Sefa, ati Ulimbo sakumudziwa, sanabereke.

Jekete ili ndi la alamu anga. Andichenjeza kuti ndisakweze manja chifukwa m'khwapamu muli kale vuto. Ndiye mukaona sindikuwomba m'manja, si mwano.

Ku ofesi anandilembera zoti ndiwerenge, mawu aatali oti ukafika pakati wayiwala koyambira. Ndawapinda, ali m'thumbamu, akupuma. Ine sukulu ndinaisiya msanga. Sindinaithawe ayi, tinangogwirizana kuti aliyense aziyendera yake. Koma mbiri ya chikhochi ndimaidziwa, chifukwa amalume anga anasewerapo kumbuyo ku timu ya Njanji, ndipo kunyumba kwathu munthu sunkadya usanamve mmene iwo anatchingira chigoli ndi bondo lomwe likuwavuta pano.

Amalume amati chikhochi chinayamba ndi anthu a ntchito. A njanji, a fakitale ya simenti, a fakitale ya sopo, aphunzitsi, osindikiza mabuku, aliyense ankadzitama kuti mpira amautha ndi iye, koma sankakumana. Ndiye anati, tiyeni tipange chikho choti ukagonja kamodzi, longedza, uzipita, tidzakuona chaka chamawa. Palibe zoti tidzabwezera sabata ya mawa ngati mu ligi.

Tsiku lochita maere oyamba anasonkhana m'chipinda chodikirira sitima. Mayina a matimu anawalemba m'kati mwa zitsekerero za mabotolo. Atamaliza anayang'anana: tiika muti? Woyenera kubweretsa bokosi analiyiwala. Chipewa cha wapampando wa nthawiyo, iye anakana, ati dazi lake si la pagulu. Pakhomo panali mayi wina akukolopa. Anamupempha ndowa. Mayiyo anati, "Tengani, koma mubweze, ndisanafike kukhonde."

Sanabweze. Ndowa yake ndi iyi ili patebuloyi, yopindika m'mbaliyi. Ngakhale ina sanamugulire.

Koma m'ndowamo munali madzi pang'ono. Potulutsa zitsekerero, chimodzi chinatuluka choyera, dzina litafufutika. Anakangana mpaka thukuta, kenako anawerenga amene atuluka kale, napeza kuti chinali cha osindikiza mabuku. Anthu oti inki ndiye ntchito yawo! Ndi chifukwa chake mpaka lero timawatchula Ofufutika. Ndikukuonani kumeneko, musabise nkhope, dzina ndi lanu.

Kuyambira pamenepo, m'dziko muno munthu safunsa kuti mwalembetsa chikho. Amafunsa kuti, "Chaka chino mwalowa m'ndowa?" Ngakhale mwana wosewera mpira wa mapepala pamsewu amadziwa kuti kulowa m'ndowa ndi chiyani.

Zaka zoyambirira chikho chinali cha Njanji. Ankachitenga, n'kuchibweza, n'kuchitenganso, ngati mbale ya aneba. Kenako kunabwera a Simenti, amene sankagoletsa komanso sankagoletsedwa, mpira wawo unkauonera utatenga pilo, koma chikho anachinyamula. Aphunzitsi anachitengapo kamodzi, ndipo amati akanachitenga kawiri akanapanda kutha nthawi akufotokozera oyimbira malamulo. A Sopo, pepani abale anga, palibe timu imene yafika ndime yotsiriza kambiri ngati inu, ndipo palibe timu imene chikho chaiterereka kambiri ngati inu. Dzina limatsata munthu. Ndiye kunadzabwera Mabwana, timu ya mumzinda waukulu, ya basi yakeyake, dokotala wakewake, ngakhale munthu wongonyamula matawulo. Iwowa achitenga mpaka pa chikhopo malo olemba dzina anatha, anawonjezera thabwa pansi.

Koma mukafunsa munthu aliyense wokonda mpira kuti akukumbukira chiyani, sakuuzani za Mabwana kugonjetsa Njanji. Akuuzani za chaka chimene timu ya okonza njinga inatulutsa a Simenti. Akuuzani za chaka chimene ogulitsa mumsika anafika ndime yachiwiri kumapeto atavala majezi osiyana manambala kutsogolo ndi kumbuyo. Zimenezo zinkachitika chifukwa chimodzi: aliyense, wamkulu ndi wamng'ono, ankalowa m'ndowa imodzi, ndipo ndowa ilibe maso.

Ife chaka chatha ndowayo inatikumanitsa ndi Mabwana, ndime yoyamba, pakwathu.

Abale anga, tsiku limenelo! Basi yawo inakanika kulowa m'kanjira ka kuseri kwa bekale, anatsika n'kuyenda wapansi, nsapato zoyera, akudumpha ngalande. Chipinda chovalira tilibe, tinawapatsa mosungira ufa. Anatuluka onse ali mbuu, ngati ndife. Bwalo lathu ndi lotsetsereka, ukaika mpira pansi umayamba wokha ulendo. Kochi wawo anafunsa kochi wathu, amenenso ndi woyendetsa galimoto ya buledi, kuti, "Bwalo lenileni lili kuti?" Kochi wathu anati, "Mwaimapo, bwana."

Anthu anakwera pamadenga, pamitengo, pa mpanda wa aneba mpaka unagwa. Amayi anga, oti mpira ankati ndi ntchito ya anthu osowa chochita, anatseka okala yawo n'kubwera ndi mpando.

Anatiwombera, anatiwombera, mpira ukukana. Mphindi zikutha, ziro kwa ziro, oyimbira analoza penate. Womenya wake kaputeni wawo, Mfuti, uyo wakhala kutsogoloyo, amene ndinali ndi chithunzi chake pakhoma pa bedi langa. Anabwera akumwetulira, nati, "Mphwanga, ima chakumbali, ndingakupweteke."

Koma ine pakamwa pokha sipanandikhumudwitsepo. Ndinati, "Achimwene, mukagoletsa buledi ndikupatsani waulere. Mukaphonya muzigula ngati wina aliyense."

Atolankhani analemba kuti ndinawerenga maganizo ake. Ine kuwerenga? Ndinaganiza zogwera kumanja, ndinaganiza zogwera kumanzere, ndisanamalize kuganiza mpira unandipeza pankhope. Dzino ili mukuliona kuti palibeli linatsala pamenepo. Ndinadzuka ndikumva phokoso, ndikufunsa kuti chalowa? Anzanga akundipsompsona, ine ndikulavula magazi. Kenako mnyamata wathu wopaka mafuta m'zitini za buledi anaponya mpira kutsogolo, chitsetserekocho chinachita zotsalazo, golo! Amayi anga analowa m'bwalo ndi mpando womwe.

Zotsatira mukuzidziwa. Tinapitirira mpaka ndime yotsiriza, tinapeza a Sopo akudikira, ndipo pepaninso abale anga.

Tsopano bambo Wapampando, ndafika pa nkhani imene m'pepala lija mulibe. Musagwire madzi, sinditukwana.

Ndikulowa muno ndaona patebulo pali ndowa ziwiri. Iyi yakaleyi, ndi iyo yatsopano yonyezimirayo. Mayi Mlembi andifotokozera bwinobwino, ndipo ndamva. Akuti matimu akuluakulu anadandaula kuti mabwalo athu ndi oipa, osewera amavulala, maulendo ndi aatali. Ndiye komiti yaganiza zoyesa njira ina chaka chino: matimu a ligi yaikulu m'ndowa yatsopano, ife ang'onoang'ono m'ndowa yakale, tizimenyana tokhatokha, awiri otsala ndiwo adzaone akuluakulu kumapeto, pa bwalo la mumzinda. Kutanthauza kuti basi ya Mabwana sidzakanikanso m'kanjira ka munthu aliyense. Kutanthauzanso kuti ife, chikho chili pa shelefu pakati pa buledi, atiika m'ndowa ya ana.

Zodandaula zawo ndi zoona, sindikutsutsa. Bwalo lathu ndi loipa, ndimagwapo ine tsiku ndi tsiku, ndikulidziwa kuposa inu. Tidzadzaza maenje, tidzathira madzi, ngalande ija tidzaikapo thabwa. Koma pakhomo paja ndakumana ndi bambo wina, goloboyi mnzanga, wa timu ya Osoka Nsapato. Abwera kuchokera kutali, ayenda ndi mabasi osinthasintha, timu yawo yalowa m'ndowa koyamba chiyambire. Wandigwira dzanja osafuna kulisiya, nati, "Achimwene, tinakuonani chaka chatha, ndi chifukwa chake tabwera. Koma akuti ndowa yake si imene munalowa inuyo?" Ine ndamuuza kuti yankho alimva muno.

Ndiye ndikuyankha pano, pamaso pa makamerawa. Mayi Mlembi anandiuza kuti nkhaniyi ndi yongoyesa, komiti ikhoza kuisintha itakhala pansi. Ine ndikuona komiti yonse yakhala pansi.

Dikirani, masapota, dikirani, musagwetse mipando ya eni.

Sindiyamba ndi komiti. Ndiyamba ndi achimwene anga a Mfuti. Achimwene, chaka chonse chino mwakhala mukugula buledi. Ana pamsewu akakuonani amagwira dzino. Ndimamva kuti mumauza anthu kuti tsiku limene mudzandipezenso, mudzandilowetsa muukonde pamodzi ndi mpira. Tsono ndi ndowa ziwirizi mudzandipeza liti? Ine ndikhoza kutulutsidwa ndi ogulitsa mumsika sabata yoyamba, inu n'kukalamba ndi ngongole ya penate ija mumtima. Kodi simukufuna kubwezera? Kapena kanjira kaja mukukaopa?

Aha! Taonani, aimirira! Abwana a timu yawo akuwakoka malaya, koma aimirira. Bwerani, achimwene, bwerani, kuno kulibe ngalande.

Bambo Wapampando, kaputeni wa timu yaikulu kuposa onse wagwira ndowa yatsopano m'manja, akudikira mawu anu. A Njanji akugwedeza mutu. A Simenti iwo ndi choncho, sasuntha. A Sopo, inu mulibe choopa, chikho chimakuthawani ngakhale ndowa zitakhala khumi. Akuluakulu a komiti, amene akuti ndowa ikhale imodzi monga anatisiyira anthu a m'chipinda chodikirira sitima chija, dzanja m'mwamba. Ine sindikweza, mukudziwa za jekete.

Ndikuona manja. Ndikuona enanso. Bambo a kumapetowo, mukukanda mutu kapena mwakweza? Akuti akweza. Mayi Mlembi akulemba. Bambo Wapampando akuseka mpaka achotsa magalasi, ndipo akuti chiyani? Nenaninso, amve a kumbuyo.

Akuti, "Thira!"

Thirani, achimwene! Thirani m'yakaleyo, timipira tonse ta mayina a matimu, tisakanikirane! Imvani phokoso limenelo, abale anga, limenelo ndiye phokoso la chikho chathu. Ndowa yatsopanoyo isatayidwe, tikapatse amene akolope muno tikatuluka, ngongole ya mayi uja ithe lero.

Tsopano mwambo wake ndi woti mlendo wolemekezeka atulutse kampira koyamba, ndipo timu yotuluka koyamba imasewera pakwawo. Ndatseka maso, oyimbira ndinu mboni, kamodzi kokha muone bwino. Ndavundula. Ndatenga. Mayi Mlembi, werengani ndinu, tisachedwe.

Osoka Nsapato! Osoka Nsapato pakwawo! Goloboyi mnzanga, uli kuti? Uyo waimirira pampando uyo! Achimwene a Mfuti, kachiwiri tulutsani ndinu, manja anu ndi odala. Vundulani bwino, musasuzumire.

Mayi Mlembi, musaseke, tiuzeni.

Mabwana!

Ayi, ayi, ayi, ndigwireni! Mwadzitulutsa nokha, achimwene! Ndi dzanja lanu lomwe! Ndowa ilibe maso, ndinanena ine! Konzani basi, ndipo nsapato zikang'ambika musadandaule, kumene mukupitako n'kwa eni ntchito. Mukafuna kundipeza ine, muyambe mwadutsa kumeneko. Goloboyi mnzanga, malangizo anga ndi amodzi: usagwere kumanja, usagwere kumanzere, ika nkhope. Mano ndi ambiri.

Mwamva kulira kumeneko? Ndi jekete. Alamu, pepani, ndakweza manja. Osoka nsapato, musanapite mundionere m'khwapamu.

Olemekezeka bambo Wapampando, akuluakulu a komiti, eni matimu onse amene tsopano muli m'ndowa imodzi, amayi anga amene ndikuona diso lija lafewa: ndi mphamvu zimene mwandibwereka lero, pamodzi ndi jekete lobwerekali, ine Sefa, wotchedwanso Ulimbo, ndikulengeza kuti mpikisano wa chikho cha dziko lino wa chaka chino watsegulidwa. Wagonja alongedze!

Zikomo kwambiri.