Kamchira pa Chikwangwani

Pa mzere wogula falafel, timipira ta nyemba tokazinga, ku Alexandria, a Midhat, mphunzitsi wa Chingerezi wopuma ntchito, anawerenga chikwangwani chatsopano cholembedwa "Brother's Falafel", n'kutembenukira kwa bambo amene anali kumbuyo kwawo.

"Taonani nzeruzo, akulu! Malo ano ndi a anthu awiri apachibale, koma kamchira akaika pakati pa r ndi s, ngati mwini wake ndi mmodzi. Akakhala awiri, kamchirako kamapita kumapeto."

"Eee, koma ndiye munaphunzira, bwana."

"Wolembayu kusukulu ankangopitira kukagona."

"Ayi, ankamvetsera bwino kwambiri. Chaka chatha kanalidi kumapeto."

"Nanga anakasunthiranji?"

"Kafunseni mkulu wanga uyo akukazingayo. Ine masiku ano ndimaima pa mzere ngati inu nomwe."