Mpira Umene Apongozi Anaonera Kale

Chibwerere amayi a Racheal kuchokera ku Katete kudzathandiza kulera khanda lawo Taizya, balaza la nyumba ya a Barnabas ku Kwacha linasanduka la apongozi. Mkamwini waulemu sakhala mphuno ndi mphuno ndi mayi wa mkazi wake, choncho a Barnabas anasamukira kuchipinda, n'kuboola kabowo pakhoma, n'kupititsapo waya wolumikiza dikoda, TV ya pabalaza ndi kompyuta yawo yakale, kuti chooneka uku chizionekanso uko. Kompyutayo inkathanso kujambula za pa TV n'kusunga, ndipo mwini wake ankainyadira ngati mwana woyamba.

Loweruka timu yawo ya malaya ofiira inkalimbirana chikho ndi ya malaya achikasu, iwo ali pantchito kusitolo ya zitsulo pafupi ndi msika wa Chisokone. Asanachoke anatchera kompyuta kuti ijambule, ndipo ataima kuseri kwa katani ya pakhomo anapempha apongozi zinthu ziwiri: asasinthe tchanelo, ndipo asawauze mmene mpira wathera. Apongozi, amene satenga mawu mwachibwana, anayankha kuti Mulungu wamva.

Madzulo a Barnabas anabwerera kunyumba foni atazimitsa, thonje lili m'makutu, maso ali pansapato kuti asaone kuti amalaya ati akuvina mumsewu. Usikuwo sanauonere, poti mkazi wawo Racheal anakana phokoso la mpira mwana atagona. Mawa lake kutchalitchi anatulukira khomo lakumbuyo, n'kusiya abale mwa Ambuye manja ali m'malere. Masana, Racheal atapita ku Ndola kumsonkhano wa amayi, anakhala pabedi, n'kutola tiyi amene apongozi anawasiyira pakhomo, n'kuyatsa mpira wa dzulo ali wosadziwa kanthu ngati khanda.

Osewera asanatuluke thukuta n'komwe, mawu anadutsa pakatani.

"Atate a Taizya, muli ndi kapu m'manja?"

"Eya, amayi. Zikomo, shuga wakwana."

"Iikeni pansi."

"Pali chiyani?"

"Palibe. Ingoiikani pansi, kutali ndi waya."

A Barnabas anaika kapu pansi. Pomwepo wachikasu wina anaumenya ndi mutu, mpira uli mu ukonde. Anayang'ana kapu, n'kuyang'ana katani, ndipo mtima unawauza chimene sanachiganizire dzulo: munthu amene wauzidwa kuti asasinthe tchanelo, ndiponso amene amaona ngati tchimo kusiya TV ikuyaka popanda woionera, anaonera mpira wonse.

"Amayi, paja tinapangana kuti simundiuza."

"Ndakuuzani chiyani? Ine ndanena za kapu."

"Kapuyo ndiye yandiuza."

"Aa, za inu ndi kapu ine sindilowererapo."

Mwaulemu wonse, a Barnabas anapempha kuti za kapu, za mbale ndi za chiwiya chilichonse zisatchulidwenso. Apongozi anavomera. Koma patapita kanthawi anayamba kung'ung'udza nyimbo, chapansipansi, ngati akugoneka mwana. A Barnabas anaitchera khutu. Inali nyimbo ija amaimba bokosi likamatuluka m'nyumba. Anadina batani msangamsanga, ndipo osewera onse anauma pamene anali.

"Anthu aja aima," anatero apongozi. "Mwawaimitsa ndinu?"

"Ndine, amayi. Ndimati ndifunse za nyimboyo."

"Nyimbo ndi nyimbo. Koma mwachita bwino. Asiyeni choncho."

"Ndiwasiye?"

"Taonani mnyamata wanu wa pagoloyu mmene akumwetulira. Musiyeni asangalale pang'ono. Nayenso ndi mwana wa munthu."

A Barnabas anagwira mutu. Komabe anali munthu wosagonja msanga. Analengeza, maso ali kudenga, kuti iwo sakudziwa kanthu, sanamve kanthu, ndipo kumwetulira kwa munthu si chigoli. Anadinanso batani. Wa pagolo uja anatuluka kukathamangira mpira, anaterereka, n'kugwa chagada, mpira n'kumudutsa pang'onopang'ono ngati nkhuku yolowa m'khola.

Kuseri kwa katani kunamveka kuusa moyo. Kenako apongozi anafunsa ngati makinawo amathanso kubweza anthu m'mbuyo. A Barnabas, kunyada kutawabwerera pang'ono, anati amatha, ngakhale mpaka pachiyambi.

"Ndiye bwezani. Dzulo ndinachedwa kuyamba kupemphera, ndinkasintha mwana thewera. Lero ndiyambe msanga, mwina mnyamatayu saterereka."

"Amayi, izi n'zojambula. Zinachitika kale."

"Nanga si akuthamanga panopa?"

"Akuthamanga dzulo."

"Ndiye mukuti Mulungu dzulo safikako?"

A Barnabas ndi amene amalandira alendo pakhomo la tchalitchi, ndipo funso lotere sakanaliyankha mwachisawawa. Anabweza. Apongozi anapemphera ndi mtima wonse, kutchula mawondo a mnyamatayo, nsapato zake, ndi udzu wa pabwalo. Mnyamatayo anatererekanso pamalo omwewo.

"Wouma mutu," anatero apongozi. "Bwezaninso."

A Barnabas anakana mofatsa, poopa kuti dzuwa lingalowe mwana wa eni akugwabe. Anaganiza zozula waya wopita pabalaza, koma kuzimitsira apongozi TV m'nyumba mwako ndi nkhani imene ingafike ku Katete iwe usanadye chamadzulo. M'malo mwake anabwezera thonje m'makutu, n'kukhala tsonga, wokhutira kuti tsopano apambana.

Sipanapite nthawi, katani inagwedezeka. Pansi pake panatulukira dzanja, linasiya kampango kopinda bwino, n'kubwerera. A Barnabas anakayang'ana mwaukali. Pa kompyuta, woimbira mpira anatulutsa khadi lofiira n'kuthamangitsa kaputeni wa ofiira. Anatola kampango kaja n'kupukuta m'maso. Dzanja linabweranso ndi kapu ya madzi, wofiira wina n'kuphonya golo lopanda munthu. Litabwera kachitatu ndi mibulu iwiri ya mankhwala a mutu, a Barnabas anazula thonje.

"Amayi, dzanja lanu likulankhula."

"Pakamwa panga ndatseka, atate a Taizya. Mukufuna ndileke kukusamalani?"

Kenako a Barnabas anamva apongozi akudzuka, akumanga mwana kumbuyo. Apongoziwo anati akukaima panja pang'ono, pansi pa mtengo wa mango, chifukwa khanda silifunika kudzidzimutsidwa ndi kukuwa kwa bambo ake.

Kukuwa? A Barnabas anapezeka ataimirira pabedi. Mpira unali udakali pakati pa bwalo, ofiira akungopatsirana mwaulesi, koma iwo anali atayamba kale kuvina, pilo ali m'manja. Chigoli cha ofiira chitabwera anali atatha mpweya, ndipo anangochilonjera ndi dzanja ngati mlendo amene unamuonera patali. Apongozi analowa, n'kukhala, ndipo asanatenthetse mpando anadzukanso kunka kumango. A Barnabas anaseka mpaka misozi, akumenya matiresi, osadziwa ngati akukondwera kapena akulira. Zigoli zinali ziwiri uku, ziwiri uko.

Kuyambira pamenepo sankayang'ananso kompyuta kwenikweni. Ankamvetsera mpando wa pabalaza. Ukalira pang'ono, mtima unkadumpha. Apongozi atayetsemula, iwo anafuula kuti penate. Koma mpando sunalirenso. Nthawi inatha, anawonjezera ina, nayonso inatha. Osewera anasonkhana pakati pa bwalo atakolekerana manja m'mapewa, kuti chikho chigamulidwe ndi mapenate. Woyamba anaika mpira pansi, anabwerera m'mbuyo, anapuma.

Chithunzi chinazima. Pa kompyuta panatsala nkhope ya Taizya atavala kachipewa ka ubweya. A Barnabas anali atatchera makina kuti ajambule mpaka nthawi yowonjezera basi, za mapenate osaziganizira.

Anadina apa, anadina apo, anagwedeza waya, anauzira mpweya kumbuyo kwa kompyuta. Foni inali pompo patebulo, koma kuiyatsa kukanakhala kumva nkhaniyo kuchokera kwa anzawo achikasu a kuntchito, ndi chipongwe chawo chonse. Anatsika pabedi, anayenda chogwada mpaka pakatani, n'kuomba m'manja mofatsa, nkhope atalozetsa kumbali.

"Amayi, ndakumasulani. Ndiuzeni."

"Mundimasula bwanji? Ndinati Mulungu wamva."

"Wamvanso panopa kuti ndasintha maganizo."

"Inu mwasintha. Iye sasintha."

"Chabwino, musanene. Ingondipatsani chizindikiro. Ngati tinapambana, pitani kumango. Ngati tinagonja, ndipatseni kampango."

Mpando sunalire, dzanja silinabwere. A Barnabas anapempha m'dzina la Taizya, m'dzina la Racheal, analonjeza kuwaperekeza mpaka ku Katete atanyamula katundu pamutu. Pomaliza apongozi anatsokomola mwamanyazi, n'kunena kuti ngakhale akanafuna, panalibe choti anene. Dzulo ataona mnyamata woterereka uja ataimikidwa yekhayekha pagolo, anthu akumuponyera mipira mosinthana ngati wolakwa, mtima sunawalole. Anatsitsa mawu a TV, anagwada chopenya kukhoma, n'kutsinzina. Pamene ankati ameni, pa TV panali mayi akutsatsa sopo.

"Nanga aneba? Simunamve kukuwa?"

"Akumanzere anakuwa. Akumanja anaswa mbale. Sindidziwa kuti ndani amavala malaya ati."

A Barnabas anakhala pansi, msana atatsamira khoma.

"Ndiye masana onsewa, amayi, mumaoneranji mpira umene munauona kale?"

"Ndimadikira kumapetoko, atate a Taizya. Ndimati poti makina anu saphonya kanthu, mundiuza ndinu ngati pemphero langa linayankhidwa."